Masamba a Kanjedza Pamsewu wa Kampani

Cholakwa changa choyamba kunja ndinachichita ndisanalawe n'komwe madzi a m'dzikolo. Tinali titangotuluka m'bwalo la ndege, ine thukuta lili kamukamu m'kati mwa jekete la ubweya limene ndinagula pakaunjika pa Chitipa Boma, poti ndinawerenga penapake kuti kunja kumazizira. Panatulukira bambo wina wamimba yake, chipewa choyera kumutu, n'kunena m'Chingerezi kuti timupatse mapasipoti. Anzanga anayamba kuyang'anana. Ine ndinaona kuti anthu osawerengawa atichititsa manyazi. Ndinavula chipewa changa n'kuyamba kuyenda nacho pamzere monga amachitira otolera chopereka kutchalitchi.

"Ponyani muno, abale," ndinatero. "Akuluwa akufuna kutisungira. Kodi pakati panu alipo wabwera ndi sefa yachitsulo yotsekeramo ndalama?"

Onse anaponya, kupatula mnzanga Sikwese wa ku Lufita, amene anakumbatira yake pachifuwa mpaka ndinachita kumulanda. Ndinapereka chipewacho ndi manja awiri, mawondo nditapinda pang'ono, n'kuwonjezerapo kuthokoza. Bamboyo anandiyang'ana ngati wogula mbuzi amene mbuziyo yamutsatira yokha, chingwe chili kukamwa. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linakhala Dikoni.

Ndiyenera kufotokoza za kuwerengaku. Sukulu ndinailekera panjira, koma maso sanamve kuti tasiya. Ndinkawerenga chilichonse: nyuzipepala yokulungira usipa, kapepala ka m'botolo la mankhwala a nkhupakupa, kalendala ya chaka chatha, ndi buku la umakaniko lopanda chikuto limene ndinalitola mu minibasi. Kwathu ku Kaseye ndinkatha kufotokoza m'mene injini ya lole imagwirira ntchito, koma njinga yanga ikaphulika ankamata ndi ena.

Ndiye pamene munthu wolembera anthu ntchito zakunja anafika pa Boma, atachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale, ndine ndinawerengera anthu kontirakiti yake mokweza. Inali yokoma ngati nyimbo ya paukwati. Inkati tikakhala akatswiri a zaulimi, nyumba yaulere, chipatala chaulere, tchuthi, ndi tikiti yobwerera. Kunyumba ndinamuwerengeranso mkazi wanga Nachali, iye akutonola chimanga, osadzutsa mutu.

"A bambo a Lusekelo," anatero, "pepalalo lanena kuti mukadwala phala adzakuphikirani ndani?"

"Zimenezo zili m'gawo la chipatala."

"Ehe. Nanga ng'ombe mukufuna kugulitsayo ili m'gawo liti?"

Ng'ombe inapita kwa munthu wa kuseri kwa golosale uja, ine n'kupita ku dziko la Aluya.

Titafika kumeneko anatipatsa kontirakiti ina, ati yoyamba ija inali ya ku Malawi. Anzanga anandikankhira kutsogolo kuti ndiwawerengere. Ndinaliyang'ana pepalalo, zilembo zake zili ngati pamene padutsa nyongolotsi mvula itakata. Ndinalitembenuza. Sizinathandize.

"Tawerenganitu a Dikoni," anatero Sikwese. "Mpingo ukudikira."

"Mwachidule," ndinatero, "ikunena zomwe zija."

Tinasaina tonse. Sinkanena zomwe zija.

Ukatswiri wa zaulimi uja unali kuthirira udzu. Ine amene moyo wanga wonse ndakhala ndikulimbana ndi udzu m'munda wa chimanga, kuuzula, kuukwirira, kuutukwana, ndinakwera ndege kukaulera. Tinkaubzala m'mbali mwa misewu ndi pakhomo pa mahotela, kuuthira feteleza amene kwathu timagonera pamzere, kuumeta bwinobwino, ndipo ukachita chikasu malipiro ankadulidwa. Palibe mbuzi inkaudya. Tinkasamaliranso mitengo ya kanjedza, imene ati umodzi wokha unali wodula kuposa munthu wouthirira.

Tinkagona kukampu kunja kwa mzinda, m'zipinda za mabedi osanjikiza, mothinana ngati nkhuku za padengu la pa njinga. Dzuwa la kumeneko silituluka ngati la kwathu, limangofikira kukhala pamutu. Jekete lija linasanduka pilo. Bambo wa chipewa choyera uja ndiye anali kapitawo wathu, ndipo poti mawu amene ankakonda kukuwa potifulumizitsa anali "yala, yala", tinam'patsa dzina loti a Yalayala. Malipiro ankabwera mochedwa, atadyedwa m'mbali ngati chimanga cha m'nkhokwe ya makoswe. Zotsalazo ndinkatumiza kwa Nachali pamodzi ndi zithunzi zanga nditatsamira galimoto za eni ake. Ukafunsa za pasipoti, a Yalayala ankasisita mimba n'kunena kuti ili pabwino. Anzanga ankatembenukira kwa ine: "Mwamva a Dikoni? Ili musefa."

Koma anthu analipo. Pansi pa bedi langa pankagona mkulu wina wa ku Nepal, dzina lake Bahadur, wa imvi, amene tinkacheza ndi manja okha, ndipo ankaonetsa chikondi pondithirira tsabola m'mbale mpaka misozi. Panalinso Wafula, Mkenya wamtima wapachala, amene ankadziwa malamulo a ntchito a dzikolo ndipo ankawalakatula posamba. Ine ndi iyeyo tinkalankhula Chiswahili, changa chija cha pamalire, chokwanira kugulira shuga ndi matayala a njinga. Wafula ankati kusunga pasipoti ya wantchito n'koletsedwa. Ndikamufunsa kuti nanga bwanji osakanena, ankati kunyanyala ntchito n'koletsedwanso, ndipo ofesi yokadandaulako imatsegula nthawi imene ife tikuthirira udzu.

Sikwese anali munthu wamtali, wosalankhulitsa, woimba besi kukwaya ya kwawo. Uthenga unam'peza masana tikupuma pansi pa mlatho. Anamvetsera lamya, n'kuiika m'thumba, n'kupitiriza kuyang'ana mpunga wake. Kenako anati, "Adada atisiya."

Iye ndiye anali mwana woyamba. Maliro sakanamudikira, zimenezo ankadziwa. Koma mlongo wake anamuuza kuti amayi awo akhala pamphasa m'nyumba ya maliro, ndipo anenetsa kuti sadzukapo, sapita kumunda kapena kutchalitchi, mpaka mwana wawo woyamba adzaone manda a bambo ake. Amene amawadziwa amayi a Sikwese akudziwa kuti sanali kuopseza.

Tinapita tonse awiri kwa a Yalayala, ine ngati womasulira. Anati mawa. Mawa lake anatinso mawa. Kachitatu anatopa nafe.

"Bambo akowo sanaikidwe kale?" anafunsa. "Ndiye ukukatani? Ukawadzutsa? Kontirakiti ikatha udzapita."

Mawu amenewo sindinawamasulire onse, koma Sikwese anawamva pankhope.

Amalawi pakampupo tinalipo ochepa, okwana tebulo limodzi. Tinakhala pansi kukambirana. Ndikunena zoona, ndipo ndinanenanso zomwezi kupolisi: za sitalaka palibe anaziganiza. Nkhani inali yoti mnzathu wataya bambo ake, ife tangomugwira dzanja n'kupita kukathirira udzu ngati kwafa nkhuku. Kwathu maliro akachitika palibe agwira khasu. Wina anati tidikire Lachisanu, tsiku lopuma, koma Lachisanu lomwelo ankatitenga kukameta udzu wa pahotela. Tinagwirizana kuti ngati Sikwese sangapite kumaliro, maliro tiwakhuzire pomwepo, mwadongosolo lake.

M'mawa mwake tinayala makatoni kunja, m'mbali mwa mpanda, n'kumukhazika Sikwese pakati. Ine poti ndine Dikoni, ndinaonetsetsa kuti zonse zili m'malo. Pamaliro pamafunika masamba pamsewu kuti odutsa adziwe, wa njinga atsike, wa galimoto achepetse liwiro. Kukampu kunalibe mtengo wina koma kanjedza wa pageti la kampani. Ndinatenga chikwanje changa cha kuntchito, n'kusadza nthambi zingapo, n'kuziyala modutsa msewu, kumtunda ndi kumunsi. Pamafunikanso moto, pakuti maliro opanda moto ndi msonkhano chabe. Tinasonkha wa matabwa otha ntchito. Kunali kukutentha kale moti palibe anauyandikira. Tinaukhalira patali, aliyense akuuyang'ana mwaulemu. Kenako tinayamba nyimbo, pang'onopang'ono, Sikwese mwiniwake akugwira besi.

Anthu anayamba kutuluka m'zipinda ndi zitini zawo za chakudya kupita kokwerera basi. Woyamba kutipeza anali Wafula. Anaona msewu wotsekedwa, utsi, anthu ali pansi akuimba, maso ake anawala.

"Amalawi!" anatero. "Ine ndinkakuyesani nkhosa!"

"Ndi maliro, ndugu, m'bale wanga," ndinatero. "Bambo a Sikwese."

"Pole sana," anatero popepesa, n'kugwira Sikwese paphewa. Anayang'ananso msewu. "Kaya inu mukuti n'chiyani, ine ndakhala."

Bahadur anabwera, ndinamufotokozera ndi manja: ndinaloza Sikwese, ndinajambula ndevu pachibwano, ndinagoneka mutu padzanja. Mkuluyo anavula nsapato, n'kukhala pafupi ndi Sikwese, n'kulankhula mawu ochepa kwa anthu akwawo. Nawonso anakhala. Atakhala iwo, anakhala a ku Bangladesh, a ku Uganda, onse. Ena anakhalira maliro, ena malipiro, ena anangoona kuti mthunzi wa mpandawo ndi wabwino. Ine ndinali kuyendayenda kulandira anthu, mtima ukunyada kuti bambo a Sikwese akuliridwa ndi mitundu yonse.

Mabasi a kampani anafika n'kuima pamasamba paja. Ndinakondwera kuti madalaivala akudziwa mwambo. Posakhalitsa panafika galimoto ya a Yalayala. Anatsika akukuwa, n'kuponda masamba aja, chipewa chili kumutu.

Apa ndiye sindikanalola. Ndinapita kukakumana nawo, n'kuwauza motsitsa mawu, m'Chingerezi changa chabwino kwambiri, kuti pamalo ano sitikuwa, ndipo akhululuke, avule chipewa. A Yalayala anayang'ana khamu la anthu lili chete likuwayang'ana. Anayang'ana ine. Anayang'ana dzanja langa. Anavula chipewa mofulumira kuposa mwana wa Sande sukulu. Ndinadabwa ulemu wawo, mpaka pamene Sikwese anandinong'oneza kuti, "Dikoni, taika pansi chikwanjecho."

Ndinawalozera katoni, anakhala. Tsono kwathu munthu akafika pamaliro amauzidwa m'mene matenda anayendera. Ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba kuyambira pachiyambi: kuti chifuwa chinayamba nthawi yokolola, kuti anapita nawo kuchipatala cha pa Boma pa njinga yamoto, kuti anapezako bwino mpaka anapempha nyama, kenako miyendo inayamba kutupa. A Yalayala ankagwedeza mutu, chala chikusindikiza lamya pansi pa chipewa. Ndisanafike n'komwe pa mwendo wachiwiri, tinamva ma sairini.

Apolisi anazimitsa moto wathu, umene kunena zoona tonse tinali titatopa nawo. Pamodzi ndi iwo panabwera bwana wina wa kuofesi ya zantchito, wa mkanjo woyera, wolankhula mofatsa. Anafunsa kuti mtsogoleri ndani. Sindinaonepo zala za mitundu yambiri chonchija zikugwirizana.

"Mukufuna chiyani?" anandifunsa.

"Palibe, bwana. Tili pamaliro."

"Mtembo uli kuti?"

"Ku Lufita."

"Kumeneko ndi kuti?"

Ndinayamba kufotokoza kuti ukachoka pa Boma, koma anandidula. Anafunsa kuti wamwalira ndani. Ndinaloza Sikwese n'kunena kuti ndi bambo ake a uyu. Bwanayo anamuyang'ana kanthawi.

"Nanga iwe ukutani kuno? Bwanji sunapite?"

Sikwese anaimirira, utali wake wonse uja. Chingerezi chake chinali chochepa, koma tsiku limenelo sanafune womasulira.

"Pasipoti yanga ili ndi awa," anatero, akuloza a Yalayala. "Amayi anga akundidikira pansi."

Kenako Wafula anadzuka: "Yanganso." Bahadur anakweza dzanja. Manja anakwera mpanda wonse, ngati mpingo ukuvomera kuti abusa asamutsidwe.

Zimene bwana wa mkanjo analankhula kwa a Yalayala zinali m'chinenero chawo, koma kukalipira kumamveka chimodzimodzi kulikonse. A Yalayala anapita kuofesi ndi wapolisi, n'kubwera ndi katoni. Sefa ija inali katoni ya mafuta ophikira. Atafika pakati pathu katoniyo inabooka pansi, mapasipoti n'kumwazika pamchenga. Anthu anafuna kudumphira, apolisi anakuwa. Ndinavula chipewa changa, chomwe chija, n'kuyamba kutolera. Ndinkadzaza, kuitana mayina, kubwerera kukadzazanso. Mayina a ku Nepal ndinawaphotchola moti eni ake ankachita kuzindikira chithunzi. Ya Sikwese ndinam'patsa ndi manja awiri. Anaitsegula, anaiyang'ana, anaiika m'thumba la mkati, n'kunena kuti, "Ukadzabweranso ndi chipewa chakocho, ndidzakumenya nacho."

Musaganize kuti kampani inapusa. Sikwese anamulola kupita. Ine anandipeza ndi milandu itatu: kutseka msewu, kuyatsa moto, ndi kuvulaza kanjedza. Ndinakhalako m'chitokosi cha apolisi, ndipo ndiyenera kunena kuti m'dziko lonselo ndi malo okhawo amene ndinamvako kuzizira, jekete nditalisiya kukampu. Potuluka anandiuza kuti kontirakiti yanga yatha. Malipiro omaliza anadya ndi kanjedza uja. Anandipatsa tikiti yopita kokha, ndege imodzi ndi Sikwese. Bahadur anandipatsa kabotolo ka tsabola. Wafula anandikumbatira n'kunena kuti ndine mtsogoleri woopsa kwambiri amene anamuonapo, ndipo ndinalephera kumutsimikizira kuti ndinkangoyendetsa mwambo. Pambuyo pake anandiuza pa lamya kuti malipiro anayamba kubwera pa nthawi yake, kenako anayambanso kuchedwa, koma pasipoti aliyense amagona nayo pansi pa pilo.

Kuchokera ku Lilongwe tinakwera basi mpaka ku Karonga, kenako minibasi yokwera mapiri aja. Sindinapite kaye kwathu. Ndinam'perekeza Sikwese ku Lufita. Tinawapeza amayi ake ali pamphasa pomwepo, atawonda, nsalu ili kumutu. Sanalire nthawi yomweyo. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Wachedwa." Anatambasula dzanja, iye anawadzutsa. Miyendo inali itauma, moti anayenda atatsamira pa iye mpaka kumanda, ife tikutsatira. Kumeneko besi ija inasweka. Pobwerera mayiwo anaima pakhomo, anayang'ana bwalo, n'kufunsa kuti ndani wakhala akusesa mosalongosoka chonchi. Mlongo wa Sikwese anaseka uku akupukuta misozi.

Kwathu ku Kaseye ndinapeza nyumba ili ndi malata. Ndinaima n'kumayang'ana, ndikudziuza kuti thukuta langa silinapite pachabe. Nachali anandisiya ndinyade kaye, kenako anandiuza kuti zimene ndinkatumiza zinagula misomali ndi chitseko. Malata anagula ndi nyemba. Anali atayamba kupikula nyemba kumidzi n'kukagulitsa kumalire, ndipo Chiswahili chake chinali chitaposa changa. Lusekelo, amene ndinamusiya akundithamangira, anandipatsa moni wa alendo n'kukafunsa amayi ake ngati angandipatse mpando. Mulu wanga wa zowerenga unali utatha kukulungira mandasi. Linatsala buku la umakaniko lokha, lochirikiza mwendo wa tebulo.

"Ng'ombe ija mwabwera nayo?" anafunsa Nachali.

"Ndabwera ndi tsabola."

Anaulandira, anaununkhiza, anayetsemula. "Chabwino. Mawa mukandithandize kunyamula matumba."

Patapita masiku ndili pakhomo, ndinaona kaudzu kamera pafupi ndi khonde, kakuchita chikasu. Sindikudziwa kuti zinayenda bwanji, ndinangozindikira ndili ndi ndowa m'manja ndikukathirira. Nditadzutsa mutu, a Kayange, aneba athu achikulire, anali atatsamira njinga yawo kumpanda akundionerera. Nkhani yonse anali atamva kale ku Lufita, koma anafuna kuimva kwa mwiniwake. Ndinabisa ndowa kumbuyo n'kuwafotokozera, masamba, moto, chikwanje, zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Ndiye mukuti, a Dikoni, munagulitsa ng'ombe, n'kukwera ndege, kuti mukakhuze maliro a pa Lufita pomwepa? Anzanu tinangopita pa njinga." Anakankha njinga yawo, kenako anaima. "Komabe ine ndikadzagona, masamba mudzayale ndinu. Ndamva kuti anu amaimitsa ndi mabasi omwe."